Masitepulo kapena ulusi pamimba? Mafunso omwe mumandifunsa mukachoka ku fiyeta

Ine ndine namwino, ndagwira ku fiyeta ndi ku wodi ya anthu a opaleshoni kwa zaka ndithu, ndinayambira kumudzi konko pa chipatala china chaboma pano ndili kuno ku UK. Nde pakati pa abale ndi anzanga ndinasanduka dokotala wa pa WhatsApp, ena sindiwadziwa n'komwe anangopatsidwa nambala ndi msuweni wawo, 2 koloko usiku foni yalira, kutsegula ndi chithunzi cha mimba ya munthu pansi pake alemba kuti asisi taonani izi zili bwinobwino? Nkhani yobwerabwera ndi ya timawaya tija amamangira bala, makamaka kwa azimayi omwe achira pa siza ku Joni kapena kuno, poti kwathu tinazolowera ulusi. Ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi. Koma tigwirizane kaye, bala lanulo ine sindinalione ndi maso, amene anakusokani ndi amene akudziwa zomwe anapeza mkatimo, akanena zosiyana ndi zanga mverani iwowo.

Masitepulo amenewa ndi omwe aja timabayira mapepala ku ofesi?

Angofanana nkhope basi kkkk. Awa ndi timawaya tachitsulo chosachita dzimbiri, timabwera tili kale mkati mwa kachida kapulasitiki kokhala ngati kamfuti, kambiri kamanyamula timawaya 35, kamagwira ntchito pa munthu mmodzi n'kutayidwa. Wina amagwira milomo ya bala kuti ikumane bwino, adokotala n'kumangodina kha kha kha kutsetsereka nalo balalo mpaka kumapeto. Ya ku ofesi ija imaphwatalala kunsi kwa pepala, iyi ayi, imapindika ngati kabokosi nsonga zake n'kukayang'anizana mkati mwa khungu, msana wake n'kutsala pamwamba pomwe mumauonapo.

Sizinayambenso dzulo. Makina oyamba anapangidwa mu 1908 ku Hungary ndi dokotala wina dzina lake Hümér Hültl, anali osokera chifu ndipo ankalemera makilo opitilira 3, tangoganizani kunyamula chimenecho pamwamba pa munthu wogonekedwa.

Ndiye mimba yanga yonseyi yagwiridwa ndi timawayati basi? Ndikatsokomola sitingathothoke matumbo n'kutuluka?

Apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa mantha ambiri amachokera pomwepa. Masitepulo kaya ulusi womwe mukuuona pamwambawo wangogwira khungu lokha. Khungu lili ngati pulasitala wa nyumba, khoma lenileni lili mkati.

Mukamasenda mbuzi mumaona kachikopa koyera kolimba kokuta nyama ya pamimba, koti mpeni wobuntha umavutika nako. Nafenso tili nako, achipatala amati fascia, ndipo ndi kameneko kamagwira matumbo kuti akhale m'malo mwake. Potseka mimba amayambira mkati kumatuluka. Ngati ndi siza amayamba asoka chiberekero ndi ulusi wosungunuka, kenako fascia ija ndi ulusi wonenepa wolimba zedi, ngati muli ndi mafuta ochuluka pansi pa khungu, opitilira masentimita 2, amathanso kuwasoka kuti pasatsale mphako yosunga madzi, pomaliza penipeni ndi pomwe pamabwera funso loti khunguli titseke ndi chani. Ndiye olo amene ali ndi masitepulo ali ndi ulusi wambirimbiri mkatimo, sakuuona chabe.

Ine ndikamaona anthu akukangana pa magulupu kuti uyu anasokedwa bwino uyu ayi poyang'ana chithunzi cha khungu ndimangoseka, chifukwa chomwe chidzakuvuteni pakatha chaka si khungulo. Vuto lija loti pachipsera patupa chibulumwa, mukatsokomola chikutukuka mukagona chagada chikubwerera, lomwe amati hernia, limabwera fascia ikalekana. Ku Netherlands anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2015 pa anthu ong'ambidwa pakati pa mimba, anapeza kuti kusoka fascia mothithikana, singano kumaluma pang'onopang'ono pafupipafupi, kunatsitsa hernia kuchoka pa anthu 21 kufika pa 13 mwa anthu 100 alionse chaka chitatha. Mwaona? Nkhani yaikulu ili kunsi komwe simukuonako.

Kutsokomola tsokomolani ndithu, osamakanikiza chifuwa poopa bala chifukwa makhololo akakhazikika m'mapapo mudwala chibayo. Ingotengani pilo kapena chitenje chopinda mugwirize pabalapo ndi manja onse awiri kenako tsokomolani.

Chabwino tamva, koma chabwino ndi chiti pa ziwirizi?

Zimatengera opaleshoni yake, koma pa siza ndiyankha mosazungulira: ulusi, makamaka uja woyenda kunsi kwa khungu wosaoneka kunja. Ku America anachita kafukufuku pa azimayi 746 a siza, zotsatira zinatuluka mu 2014, theka anatsekedwa ndi ulusi theka ndi masitepulo. A ulusi amene bala linawavuta anali pafupifupi 5 pa 100 alionse, a masitepulo pafupifupi 11 pa 100. Kusiyana kwakukulu sikunali pa mafinya kwenikweni koma pa bala kutseguka pakhungu. N'chifukwa chake kuno ku UK bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zipatala, limauza madokotala kuti pa siza aziganizira ulusi osati masitepulo.

Koma mukachoka pa siza kupita ku opaleshoni ya matumbo kapena chifu nkhani imasintha. Ku Japan anayerekeza ziwirizi pa anthu opitilira 1,000 ong'ambidwa pamimba chifukwa cha matenda a chifu ndi matumbo, zinatuluka mu 2013, a ulusi ovutika ndi bala anali pafupifupi 8 pa 100 a masitepulo pafupifupi 11 kapena 12, kusiyana kochepa koti ofufuzawo sanathe kunena motsimikiza kuti ulusi wapambana. Ndiye bambo amene wachitidwa opaleshoni ya matumbo n'kudzuka ali ndi mzere wa timawaya kuchokera pa chifuwa kudutsa pamchombo asamadzione ngati amuchita chinyengo ayi.

Ndipo werengani manambalawo mobwerera, mwa azimayi 100 a masitepulo aja pafupifupi 89 anapola popanda vuto lililonse.

Nanga ngati ulusi uli bwino chonchi madokotala akulimbikiranji masitepulo, ndi ulesi?

Ena kuzolowera, sindikana. Koma zifukwa zenizeni zilipo. Choyamba changu, pa siza masitepulo amapulumutsa mphindi pafupifupi 7, zikumveka zochepa muli pa mpando koma munthu wataya magazi ambiri, BP ikutsika, wogonetsa uja akukuyang'anani ndi diso loti malizani timudzutse, mphindi 7 ndi zambiri. Pa bala lalitali la munthu wa ngozi ya pamsewu ndiye kusiyana kumakula.

Chachiwiri ndi chomwe anthu sachidziwa. Bala likasunga mafinya kapena magazi pakona imodzi, pa masitepulo timangochotsa awiri atatu pamalo pomwepo, zoipazo n'kutuluka, kwinako kuli chitsekere. Ulusi uja woyenda kunsi kwa khungu ndi umodzi kuchokera uku mpaka uko ngati mpendero wa siketi, mukaudula pakati wonse umakhwefuka. Komanso kulibe singano yoti imubaye dokotala kapena namwino pa chala, zomwe kwa ife ogwira ntchito si nkhani yaing'ono.

Bwanji kumudzi sitimawaona masitepulo? Ndiye kuti tikutsalira?

Pa nkhani iyi yokha musadandaule. Kachida kaja n'kodula kuyerekeza ndi paketi ya ulusi, kamagwira kamodzi, ndipo kamafunanso kachitsulo kake kochotsera koti kapezeke mpaka ku health centre komwe munthu akachotsere. Komwe ndinkagwira ine khungu tinkatseka ndi ulusi wa nayiloni, mfundo payokha mfundo payokha, mayi n'kuuzidwa kuti abwere pakatha sabata adzachotse. M'zipatala za m'maboma ma siza ambiri amachita ndi ma clinical officer, ndipo ena mwa iwo manja awo pa singano ndi oti madokotala ena kuno akhoza kukhala pansi kumaphunzira, poti iwo amasoka tsiku ndi tsiku usiku ndi usana.

Ndiye mayi wa ku Ntchisi wosokedwa ndi ulusi ndi mayi wa ku Manchester wosokedwa ndi ulusi, pa khungu ali pamodzimodzi. Zomwe timasowa kwathu ndi zina, magazi, mankhwala, mabedi, ambulansi yofika nthawi yake, koma masitepulo sali pa mndandanda wa zomwe ndingalilire.

Ulusi wosungunuka umapita kuti? Ndinamva kuti amapangira matumbo a mphaka

Kkkk ayi mphaka alibe mlandu. Ulipo ulusi wakale wotchedwa catgut, dzina lokhalo ndi lomwe limasokoneza, umapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhosa kapena ng'ombe. Masiku ano wambiri ndi wopangidwa ku fakitale. Vicryl amatha m'thupi pakadutsa masiku 56 mpaka 70, Monocryl yemwe amakondedwa pakhungu amatenga miyezi 3 mpaka 4, PDS wa pa fascia amakhala miyezi 6 kapena kupitilirako pang'ono chifukwa fascia imachedwa kugwirana. Thupi limaugaya pang'onopang'ono ndi madzi ake omwe, palibe chotsala choti chizikayendayenda m'magazi ngati mmene ena amanenera.

Nthawi zina kamfundo ka kumapeto kwa bala kamakana kusungunuka, thupi n'kukalavula, mumaona kakachiphuphu kofiira kenako kansonga ka ulusi katulukira. Osakoka. Pitani akakadule ndi sizasi yoyera, nkhani ya mphindi imodzi.

Nayiloni ndi Prolene ndiye sasungunuka, akakhala pakhungu ayenera kuchotsedwa. Musanatuluke m'chipatala funsani kuti wanga ndi wochotsa kapena wosungunuka, ndipo alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Anthu ambiri amabwera patatha mwezi ulusi utamera m'nyama ati ndimayesa usungunuka wokha.

Ndingathe kuwauza adokotala chomwe ndikufuna?

Ngati opaleshoni ndi yokonzekera, eya, nenani pa tsiku lomwe mukukambirana ndi kusayina fomu lija, osati muli kale pa tebulo. Sikuti ndi mwano. Ife Amalawi tili ndi kaulemu kena koti dokotala akalowa timangoti chabwino adokotala, zikomo adokotala, tikatuluka panja m'pamene timayamba kufunsa a gadiyani a bedi loyandikana nalo. Ingonenani kuti adokotala pakhungu mutseka ndi chani, ngati n'kotheka ndingakonde ulusi. Muwauzenso ngati ndolo kapena wotchi yachitsulo imakutulutsani ziwengo, chifukwa m'chitsulo cha masitepulo a pakhungu mumakhala nickel, komanso ngati zipsera zanu zimatupa.

Koma ikakhala ya mwadzidzidzi, mwana watopa m'mimba kapena thumbo laphulika, zosankhazo ziiwaleni, atseke ndi chomwe chili pafupi bola mutuluke wamoyo.

Kuchotsa kumawawa? Ndipo amachotsa liti?

Anthu amabwera atagwira m'mphepete mwa bedi maso ali tsinzi, pomaliza n'kumafunsa kuti mwatha kale? Kachitsulo kochotsera kali ndi milomo iwiri yolowa pansi pa sitepulo ndi dzino limodzi pamwamba, mukafinya dzinolo limadina pakati, miyendo ya sitepuloyo n'kutanyuka yokha kutuluka mowongoka mmene inalowera. Mumamva ngati akutsinani kapena akuzulani tsitsi limodzi. Kuwawa kwenikweni kumabwera akakhalitsa, nkhanambo itawakwirira. Ngati muli ndi mantha imwani panado ola limodzi musanapite.

Tsiku lake amanena ndi amene anasoka. Bala lopingasa la pamwamba pa chinena ngati la siza limachotsedwa msanga, kawirikawiri mkati mwa sabata yoyamba kapena kungopitilira pang'ono, loimilira la pakati pa mimba limadikira masiku 10 mpaka 14 chifukwa limakokeka kwambiri. Onenepa, a shuga, omwe amamwa mankhwala a steroid, amawachedwetsako dala. Nthawi zina timachotsa modumphitsa, lero theka, enawo pakapita masiku awiri, tione kaye ngati khungu lagwirana. Mukaona namwino wasiya ena si kuti watopa ayi.

Ndachitidwa opaleshoni ku Joni, ndikufuna ndikapolere kumudzi kuli amayi. Ndingakwere basi ndi masitepulo?

Chonde ayi, dikirani achotse komweko. Ndikunena chonchi chifukwa ndinaziona. Ndili kumudzi kunabwera mtsikana wina wochokera ku Joni, anamuchita siza, atangotuluka achibale anasonkha ya basi kuti akasamalidwe kwawo. Anatipeza patatha masabata atatu timawaya tili pomwepo, tina titamira khungu litamera pamwamba, pozungulira pali psuu. Kachitsulo kochotsera pa chipatala pathupo panalibe, ena mwa anzanga kanali koyamba kuona masitepulo pa munthu. Tinachita kumatanyula kamodzikamodzi ndi tizitsulo tina ta ku fiyeta, mtsikana akulira ife thukuta lili kamukamu, ntchito ya mphindi 5 inatitengera pafupifupi ola.

Ngati palibiretu kuchitira mwina, pemphani akupatseni kachitsulo kochotserako kali m'pepala lake losatsegula, ndi kalata yonena tsiku la opaleshoni, chomwe anachita ndi tsiku lochotsa. Ndipo musayerekeze kuti amuna anu achotse ndi pulayala kapena chowengera zikhadabo, sitepulo ikakokedwa isanatanyuke imang'amba khungu.

Koma palinso china choopsa kuposa timawayato. Ulendo wa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza kapena Dedza ndi wa masiku awiri muli chikhalire miyendo ili lende. Munthu wongochitidwa kumene opaleshoni, makamaka wongobereka kumene, magazi ake sachedwa kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, chibuluma chimenecho chikasuntha kupita ku mapapo munthu amangogwa. Katumba ka mwendo umodzi kakatupa n'kumawawa, kapena mwayamba kubanika, si zodikira kuti tikafike kaye. Bola amayiwo ndi amene akwere basi kubwera kwa inu.

Chipsera chokongola chimatsala ndi chiti? Ine thupi langa limachita keloid

Ulusi wa kunsi kwa khungu umasiya mzere umodzi. Masitepulo ndi ulusi wa mfundo zakunja zimatha kusiya timadontho mbali zonse ziwiri ngati njanji, makamaka zikachedwa kuchotsedwa. Zikachotsedwa nthawi yake, pakatha miyezi ingapo zipsera zambiri zimafanana ndithu moti simungaloze kuti ichi chinali cha chani.

Keloid ndi nkhani ina. Ife akhungu lakuda imatikonda, ndipo imayenda m'magazi, mukaona pomwe munabooledwa ndolo kapena pa mphini za agogo panatupa chinthu cholimba chonyezimira chopitilira malire a bala, dziwani kuti pamimba pakhozanso kutero olo asoke ndi manja a mngelo. Kwa munthu wotere ine ndingasankhe ulusi wa kunsi, chifukwa kabowo kalikonse ka sitepulo ndi kabala kakenso. Auzeni adokotala opaleshoni isanachitike. Ikayamba kutupa pali jakisoni wa steroid wobaya pachipsera pomwepo ndi timapepala ta silicone tomata bala likapola. Zongoidula osachitapo china imabweranso, nthawi zina yaikulu kuposa poyamba.

Kuyabwa ndi dzanzi pozungulira chipsera ndi zachibadwa, timitsempha ta pakhungu tinadulidwa, dzanzilo ena limawatenga miyezi yambiri.

Apongozi akuti andithowe ndi madzi otentha ndi kundimanga chitenje pamimba kuti ibwerere. Ndiwakanize bwanji?

Apongozi sakufunirani zoipa, ndi mmene anasamalidwira iwo, kungoti iwo mwina sanapite ku mpeni. Msana, miyendo, mapewa akuthoweni, mumva bwino. Koma pabala ayi. Pozungulira bala pali dzanzi lija, madzi akhoza kukuwotchani inu osamva, ndipo kukanikiza ndi chinsanza chotentha kumatsegula khungu lomwe likungoyamba kugwirana. Njira yosavuta yowakanizira ndi kunena kuti akuchipatala aletsa, mlandu ukhale wathu ife tinazolowera.

Chitenje chomanga mosathina, choyera, chongothandiza kuti mimba isamalendewere poyenda, chilibe vuto bola chisakhule pabala, ndipo muzichimasula kuti papite mphepo. Chomanga mpaka kulephera kupuma ayi, pa masitepulo ndiye chimawakanikizira m'nyama.

Kusamba sambani pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri malinga ndi mmene akuuzirani za bandeji, madzi oyera ndi sopo wamba adutse pabalapo, osakhula, kenako pukutani pang'onopang'ono ndi kansalu koyera kouma kake kake osati thawulo la banja lonse. Osakhala m'bafa lodzadza madzi. Amene muli ndi mimba yogwera pabala muziikweza ndi dzanja kuti m'khwinyamo muume, mabala ambiri a siza amawolera mmenemo. Ndipo izi zopaka, Colgate, phulusa, mafuta a galimoto, masamba otafuna, kapisozi wotsegula n'kuwaza ufa wake, sipiriti tsiku ndi tsiku, zonsezi ndaziona ndi maso anga ndipo palibe chomwe chinathandizapo.

Akuti ndisadye therere ndi mazira bala lingachite mafinya, zoona?

Bodza. Mafinya amabwera ndi tizilombo osati ndiwo. Bala limamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndiye mazira omwewo, usipa, nyemba, soya, nsinjiro, chambiko, idyani. Therere ndi masamba zimathandizanso kuti musadzimbidwe, poti kudzikakamiza ku chimbudzi ndi bala pamimba ndi chilango china. Zomwe zimachedwetsadi bala ndi fodya, shuga wokwera, kuchepa kwa magazi ndi kudumphitsa ma ARV.

Bambo anga anawachita opaleshoni ya matumbo koma khungu analisiya lotsegula, akungotsuka. Anaiwala kapena ulusi unatha?

Sanaiwale. Thumbo likabooka, monga zimachitikira ndi typhoid, kapena appendix ikaphulika, kapena thumbo likapotana mpaka kuwola zomwe zimachitika kwambiri kwa azibambo kwathu, m'mimba monse mumakhala zonyansa. Fascia amatseka ndithu, koma khungu mukalitseka thithithi pamwamba pa tizilombo ndiye kuti mwawamangira nyumba. Ndiye amalisiya dala, kapena amaika mfundo zotalikirana, kumatsuka masiku angapo, likayera n'kudzatseka pambuyo pake, ena limadzadza lokha kuchokera pansi. Limaoneka loopsa kwa a gadiyani koma nthawi zambiri ndi lomwe limapola mosavuta kuposa lotsekedwa msanga n'kudzaphulika mafinya.

Andiuza kuti mkati muli masitepulo ena osachotsa. Sadzachita dzimbiri? Nanga pa eyapoti sindidzalira?

Amenewo ndi ena, ang'onoang'ono kwambiri, olumikizira matumbo kapena chifu akadula mbali yodwala. Ambiri ndi a titanium, sachita dzimbiri, thupi limangowakuta n'kukhala nawo moyo wonse. Makina a pa eyapoti sawamva kawirikawiri. Amaoneka pa X-ray, ndiye wina akadzakujambulani asadzakuopsezeni kuti anakuiwalirani zitsulo. Mukamapita ku MRI, makina aja ojambula m'thupi ndi maginito, nenani opaleshoni iliyonse yomwe munachitidwapo, iwo ndi amene aone.

Ndidziwa bwanji kuti bala lavuta?

Kufiira pang'ono pa timabowo ta masitepulo ndi timadzi tochepa masiku oyamba sizodetsa nkhawa. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, pozungulira patupa pali gwa ndi kutentha, pakutuluka mafinya kapena fungo, thupi latentha kufika 38 kapena mukunjenjemera, milomo ya bala yayamba kulekana, pitani tsiku lomwelo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye dalirani dzanja, kutentha ndi kulimbako. Nthawi yomwe izi zimakonda kuyamba ndi kuyambira tsiku la 4 kapena 5 kupita m'tsogolo, pomwe ambiri muli kale kunyumba. Osayamba mwagula amoxicillin pa golosale, bala la mafinya limafuna kutsegulidwa kuti atuluke, mapilitsi okha sangakwanitse.

Chimodzi ichi chisungeni pamtima. Bandeji ikanyowa mwadzidzidzi ndi madzi ambiri ofiirira ngati otsukira nyama, makamaka chakumapeto kwa sabata yoyamba kapena mu yachiwiri, mwina munamvanso ngati china chaduka mkati mutatsokomola, imeneyo ikhoza kukhala fascia yalekana olo khungu likuoneka lotseka. Gonani chagada mupinde mawondo, anthu apeze galimoto. Matumbo akaonekera musawabwezere mkati, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa ndi madzi owiritsa ozizira, osadya osamwa kalikonse chifukwa mukubwerera ku fiyeta. Sizichitika kawirikawiri koma zikachitika si za mawa.

Achotsa, bala lauma. Ndiyambe ntchito? Komanso abambo akunyumba ayamba kufunsafunsa

Apa mpomwe ambiri mumapusitsidwa ndi khungu. Timawaya tachoka, pamwamba pauma, apongozi anyamuka kubwerera kwawo, inu n'kuona ngati mwachira. Kumbukirani khoma lija. Khungu limagwirana m'masiku 10 koma fascia imafuna masabata 6 kuti iyambe kudalirika, ndipo imapitilizabe kulimba kwa miyezi, olo chipsera chitakhwima chotani sichifika mphamvu ya poyamba, chimathera cha m'ma 80 pa 100. Chigubu cha malita 20 ndi makilo 20, kuchikweza pamutu mphamvu yonse imadutsa pamimba. Kusinja, kulima, kuchapa mabulangete mowerama, kubereka mwana wamkulu uja wa zaka zitatu, kabaza pa msewu wa mabampu, zonsezi zidikire masabata 6. Inu a kuno a ntchito ya care musathamangire shifiti chifukwa cha lendi, kutembenuza nkhalamba pa bedi n'chimodzimodzi kusenza thumba la chimanga. Kuyenda kokha yambani tsiku lotsatira opaleshoni, pang'onopang'ono, kumathandiza mpweya wa m'mimba kutuluka ndi magazi kuyenda.

Za abambowo, auzeni kuti masabata 6 omwewo, ndipo kwa a siza mpaka magazi atasiya ndipo inuyo mwini mukumva kuti muli bwino. Mukamapita ku sikelo ya masabata 6 mukatengeretu njira yolera, chifukwa chipsera cha pachiberekero chimafuna nthawi yaitali kuposa zonsezi, a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati padutse miyezi 24 musanatenge mimba ina. Mimba inayo ikadzabwera zoti pakhungu panali masitepulo kapena ulusi sizidzawerengedwa n'komwe, chomwe adzafune kudziwa ndi mmene chiberekero chinadulidwira ndi chifukwa chake, ndiye kabuku kaja kasanyowe ndi mvula, kasungeni mu jumbo.